Kapu Yoyera Imene Inandiphunzitsa Kuona

Ndinajambula kwa zaka 9 ndisanazindikire kuti vuto la zithunzi zanga silinali m'dzanja langa. Ntchito yanga yambiri inali yojambula nkhope za anthu, ndipo njira yanga inali imodzi: ndinkatenga chithunzi cha pafoni, n'kuchigawa m'timabokosi ting'onoting'ono, kenako n'kumasamutsira pansalu kabokosi kamodzikamodzi mpaka nkhope yonse itatha. Anthu ankasangalala chifukwa nkhopezo zinkafanana ndi eni ake, ndipo nanenso ndinkasangalala pa tsiku lopereka chithunzicho. Koma ndikatsala ndekha n'kuyang'ana ntchito zimene zinali pakhoma, mtima sunkakhazikika, chifukwa anthu a m'zithunzi zanga ankaoneka ngati odulidwa papepala n'kumatidwa pansalu, opanda thupi limene munthu angalizungulire n'kuliona kumbuyo. Ndinkaganiza kuti chikundisowa ndi zipangizo, choncho ndinawonjezera maburashi ndi mitundu ya utoto, koma zithunzi zinakhalabe chimodzimodzi.

Zinthu zinayamba kusintha pa chionetsero china chaching'ono chimene tinachita ojambula angapo pamodzi. Ndinapachika chithunzi cha mayi anga, chimene ndinkachiona kuti chinaposa zonse zimene ndinajambulapo. Kunabwera bambo wina wachikulire amene wakhala akujambula moyo wake wonse, ndipo anaima patsogolo pa chithunzicho nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako anandikodola n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, kodi kuwala kwa pachithunzi ichi kukuchokera mbali iti?" Ndinayang'ana chithunzi changa chomwe, chimene ndinakhala nacho milungu isanu, koma ndinasowa choyankha. Pomaliza ndinangoti, "Bambo, sindinaganizepo za zimenezo." Iwo analoza kolala ya diresi, imene ndinaipaka utoto woyera wofanana mbali zonse ziwiri, analozanso maso, amene mbali yake yoyera ndinaipaka utoto wongochokera m'chubu osausakaniza ndi china chilichonse. Anati, "Iwe wajambula zimene ukudziwa. Ukudziwa kuti kolala ndi yoyera, ndiye waipaka zoyera. Koma pa tsiku limenelo maso ako sanaone zoyera pamenepa."

Ntchito imene anandipatsa inandikhumudwitsa. Anandiuza kuti nditenge kapu yoyera, ndiiike pansalu yoyera pafupi ndi zenera limodzi, ndizimitse magetsi onse, ndipo ndiijambule tsiku lililonse kwa masiku 30 pogwiritsa ntchito makala kapena pensulo, osayang'ana pafoni ngakhale kamodzi. Ndinaona ngati akundibwezera kumayambiriro pamaso pa anzanga, ndipo panatha miyezi iwiri ndisanayambe. Ndikunena zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a ife amene tajambula kwa zaka zingapo timamva kupweteka komweku tikauzidwa kuti tibwerere ku zinthu zoyambirira, ndipo kupwetekako kumatitayitsa nthawi yambiri kuposa ntchito imene tikuikanayo.

Tsiku loyamba ndinamaliza m'mphindi zochepa. Ndinalemba mzere wozungulira kapu, ndinadetsa mbali imodzi, n'kuika mthunzi pansi pake. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndinachitanso zomwezo. Pa tsiku lachinayi, chifukwa chosowa china chochita ndi ola limene ndinadziikira, ndinasiya pensulo patebulo n'kungokhala ndikuyang'ana kapuyo, ndipo m'pamene ndinayamba kuona zinthu zimene zinalipo masiku onsewo. Mbali yakuda kwambiri ya kapu sinali m'mphepete mwake monga ndinkajambulira nthawi zonse. Inali mkati pang'ono, ngati lamba wotsika kuchokera kukamwa kwa kapu mpaka pansi, ndipo kuseri kwa lambayo, cha kumphepete kwenikweni, kapu inkawalanso pang'ono chifukwa nsalu yoyera inkabwezera kuwala pa iyo. Mthunzi wogwera pansalu unali wakuda bii pamene kapu inakhudza tebulo, kamzere kopyapyala ngati ulusi, koma ukamatalikira unkapepuka ndipo m'mbali mwake munkafewa mpaka osadziwikanso pamene wathera. Chimene chinandidabwitsa koposa chinali mkati mwa kapu. Zenera linali kumanzere, kunja kwa kapu kunkawala kumanzere, koma mkati mwake munkawala kumanja, chifukwa kuwala kunkadumpha khoma lapafupi n'kukagwera pakhoma lamkati la tsidya linalo. Kwa zaka zonse zija ndinkadetsa mkati ndi kunja mbali imodzi, ndipo n'chifukwa chake chilichonse chokhala ndi mphako chimene ndinajambula chinkaoneka chophwatalala.

Pambuyo pake ndinadzamvetsa chifukwa chake munthu wa maso abwinobwino angathe kulephera kuona zinthu zoterezi. Ubongo wathu sutiuza kuchuluka kwa kuwala kumene kukulowa m'diso. Umatiuza chimene chinthucho chili, ndipo umachotseratu mthunzi kuti tizindikire zinthu msanga, kotero kuti pepala loyera timaliona loyera kaya lili padzuwa kaya lili pansi pa tebulo. Mu 1995, Edward Adelson, katswiri wa za kaonedwe ka maso pa yunivesite ya MIT ku America, anatulutsa chithunzi cha bolodi la timabokosi toyera ndi takuda, pamene chinthu china chaponyapo mthunzi. Pali timabokosi tiwiri timene aliyense amalumbira kuti kena n'koyera, kena n'kakuda, koma ukaphimba zonse zozungulira umapeza kuti tonse tiwiri n'totuwa mofanana ndendende. Luso la ubongo limeneli limatithandiza pa moyo wa tsiku ndi tsiku, koma kwa wojambula ndi limene limamunamiza, chifukwa pansalu sitingaikepo dzina la chinthu, timangoikapo kuwala ndi mdima.

Njira imene inandithandiza kwambiri kuligonjetsa ndi yosafuna chipangizo chilichonse. Ndimatsinzina maso pang'ono mpaka zinthu zizioneka mwachimbuuzi, tizinthu ting'onoting'ono tonse n'kuzimiririka, n'kutsala zigawo zikuluzikulu za kuwala ndi mdima. Ndikatero ndimadzifunsa mafunso awiri okha: kodi malo owala koposa ndi ati, nanga akuda koposa ndi ati? Ndikawapeza, china chilichonse ndimachiyeza ndi awiriwo. Pakapu yanga, malo oyera enieni anali kadontho kamodzi pakamwa pake, kochepa kuposa chikhadabo, ndipo ndi pokhapo pamene ndinasiya pepala losadetsedwa. Nsalu yonse yoyera ija inafunika kuidetsa pang'ono kuti kadonthoko kawale. Dzanja linkakana kudetsa chinthu chimene ndikudziwa kuti n'choyera, ndipo ndinalimbana nalo masiku angapo lisanagonje.

Cha m'sabata yachiwiri ndinatopa kwambiri. Ndinkadziuza kuti ndaphunzira kale zofunika, ndipo kupitiriza n'kungotaya mapepala. Chimene chinandilimbitsa mtima chinali kudziwa za Giorgio Morandi, wojambula wa ku Bologna m'dziko la Italy, amene anabadwa mu 1890 n'kumwalira mu 1964. Iye anathera zaka zambiri za moyo wake akujambula mabotolo, mitsuko ndi timabokosi tomwetomweto m'chipinda chake, akungosuntha chimodzi pang'ono kapena kusintha mpata wa pakati pawo, ndipo zithunzi zakezo lero zili m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso. Ndinadziwanso kuti Claude Monet, wojambula wa ku France, mu 1892 ndi 1893, anajambula kumaso kwa tchalitchi chachikulu cha ku Rouen ku France maulendo oposa 30, pa maola osiyanasiyana ndi nyengo zosiyanasiyana, ndipo 20 mwa zithunzizo anazionetsa pamodzi ku Paris mu 1895. Mwala wa tchalitchicho unali womwewo, koma pa chithunzi china ndi wabuluu, pa china ndi wachikasu ngati golide, pa china ndi wotuwa. Anthu amenewa sanali osowa chojambula. Anazindikira kuti chinthu chikakhala chomwecho tsiku ndi tsiku, maso amasiya kutanganidwa ndi dzina lake n'kuyamba kuona kuwala kumene kwagwerapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine mwambiwu ndinaumvetsa ndili patebulo lija.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndikufuna kuti ena achipewe. Zojambula zanga zoyamba za makala ndinkangozisanjikiza, ndipo nditadzazitsegula ndinapeza kuti makala afufutika n'kudetsa kumbuyo kwa pepala lililonse, kotero kuti ntchito ya masiku 10 inawonongeka. Makala samamatira papepala ngati inki, amangokhala pamwamba ngati fumbi. Pamafunika kupoperapo mankhwala othandiza kuti makala agwire papepala, kapena kuika pepala losalala pakati pa chojambula chilichonse ndi chinzake. Kuyambira pamenepo ndinayambanso kulemba tsiku ndi ola kumbuyo kwa pepala lililonse, ndipo sindinatayenso ngakhale limodzi, ngakhale loipa chotani. Pa tsiku la 30 ndinayala mapepala onse pansi motsatira masiku ake, n'kuimirira pampando kuti ndiwaone pamodzi. Tsiku ndi tsiku sindinkaona kusintha kulikonse, koma atayalidwa chonchi, makapu oyambirira ankaoneka ngati zizindikiro za kapu, pamene omalizira ankaoneka ngati munthu angapise chala m'chogwirira chake n'kuinyamula.

Sindinalekere pamenepo. Ndinayamba masiku ena 30 ndi utoto wa mafuta, koma ndinabisa machubu anga ambirimbiri n'kutsala ndi anayi okha: woyera, wakuda, wachikasu wonga dothi, ndi wofiira. Ojambula amautchula mndandanda umenewu ndi dzina la Anders Zorn wa ku Sweden, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1860 mpaka 1920, chifukwa amadziwika kuti ankakonda kujambula nkhope ndi mitundu yochepa chonchi. Poyamba ndinkaopa kuti popanda wabuluu ndi wobiriwira sindingathe kanthu. Koma ndinaona ndi maso anga kuti wakuda wosakaniza ndi woyera, ukauika pafupi ndi wofiira kapena wachikasu, umaoneka ngati wabuluu, ndipo wakuda wosakaniza ndi wachikasu umapereka wobiriwira wofatsa. Zimenezi zinafotokozedwa kalekale ndi Michel Eugène Chevreul, katswiri wa mankhwala amene ankayang'anira zonyika ulusi pa fakitale yoluka nsalu ya Gobelins ku Paris. Kunali madandaulo akuti ulusi wakuda sunali wakuda mokwanira, koma iye atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto, ndipo chimene chinkasintha maonekedwe ake chinali mitundu yoyandikana nawo. Zotsatira za kafukufuku wakeyo anazisindikiza mu 1839. Kwa ine tanthauzo lake linali lakuti mtundu sungaweruzidwe uli wokha pathabwa losakanizirapo. Ndimauika kaye pansalu pafupi ndi anzake, n'kubwerera m'mbuyo masitepe angapo, kenako m'pamene ndimadziwa ngati uli woyenera.

M'masiku a utoto amenewa ndi mmene kapu yoyera ija inasiyiratu kukhala yoyera m'maso mwanga. M'mawa, dzuwa lisanafike pazenera, mbali yake yowala inkapendekera ku buluu chifukwa kuwala kunkachokera kuthambo, pamene mthunzi wake unkaoneka wofunda, kutanthauza wopendekera ku mtundu wofiira kapena wachikasu. Madzulo zinkatembenuka, mbali yowala n'kukhala yachikasu, mthunzi n'kuzizira, kupendekera ku buluu. Tsiku lina ndinasiya buku lachikuto chofiira pambali pake mosaganizira, ndipo ndinaona kufiira kwake kutakwera m'mimba mwa kapu ngati kuti wina wapakapo. Popeza kuwala kumasintha chonchi, ndinaphunzira kujambula pa ola lomwelo tsiku lililonse, ndi kusankha zenera limene dzuwa sililowa mwachindunji, chifukwa mthunzi wa dzuwa lenileni umasuntha munthu usanamalize n'kusakaniza komwe utoto.

Pa nkhani ya zithunzi za pafoni, sindikuzinyoza, ndipo ndimazigwiritsabe ntchito pamene munthu sangathe kukhala pansi maola ambiri. Koma tsopano ndikudziwa zimene kamera imataya. Diso likayang'ana mumthunzi limazolowera mdimawo n'kuona mitundu imene ili mmenemo, pamene kamera kawirikawiri imasandutsa mthunzi kukhala chigamba chakuda kapena kuwalitsa zonse mofanana, ndipo ukaiyandikizitsa kwambiri kunkhope imakulitsa mphuno n'kuchepetsa makutu. Munthu amene wajambulapo zinthu zenizeni amatha kubwezeretsa zimene kamera yataya, koma amene anayambira pachithunzi, monga ndinachitira ine, amakopera zolakwazo osadziwa kuti ndi zolakwa. Ntchito yabwino imene foni imandigwirira lero ndi ina: ndimajambula nayo chithunzi changa chosamalizidwa n'kuchichotsa mitundu kuti chikhale choyera ndi chakuda, ndipo nthawi yomweyo ndimaona ngati kuwala ndi mdima zili m'malo mwake. Ndimagwiritsanso ntchito kalilole, njira imene Leonardo da Vinci, wojambula wotchuka wa ku Italy, analangiza ojambula m'zolemba zake zaka zoposa 500 zapitazo. Chithunzi ukachiona chotembenuka m'kalilole chimakhala ngati cha munthu wina, ndipo diso lopendekeka kapena phewa lotsika, zimene unazizolowera, zimaonekera poyera.

Chinthu china chimene sindinachiyembekezere chinachitika mumtima. Miyezi iwiri imeneyi sindinaike chilichonse pa intaneti, chifukwa palibe amene akanasangalala ndi kapu yomweyo tsiku ndi tsiku. Masiku oyamba ndinkamva ngati ndazimiririka, ndipo ndikaona anzanga akuonetsa ntchito zatsopano ndinkada nkhawa kuti ndikutsalira. Kenako ndinazindikira kuti kwa zaka zambiri ndinkasankha chojambula poganizira zimene anthu adzanene, ndipo ndinkafulumira kumaliza kuti ndimve mawu awo. Pakapu panalibe wondiyamikira, panalibenso wondidzudzula, ndipo ola limenelo linasanduka lamtendere kuposa maola onse a tsiku. Chimwemwe chimene ndinali nacho ndili mwana, pamene ndinkajambula popanda wondiona, chinabwerera m'njira imeneyi. Kwa amene akudziona kuti wachedwa kuyambiranso, ndingomukumbutsa kuti Vincent van Gogh anasankha kukhala wojambula mu 1880 ali ndi zaka 27, ndipo anayamba ndi pensulo ndi makala kwa nthawi yoposa chaka asanagwire utoto wa mafuta chakumapeto kwa 1881.

Nditamaliza masiku 60, ndinapempha mayi anga kuti andikhalire pafupi ndi zenera lomwe lija, ola limodzi m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi. Nditatsinzina maso n'kuwayang'ana, ndinaona zimene chithunzi cha pafoni sichinandionetsepo. Pamphumi pawo ndi pamwamba pa tsaya panali kuwala kotuwa kopendekera ku buluu, kochokera kuthambo, pamene pansi pa chibwano panali kufiirira kofunda kobwezedwa ndi chovala chawo. Mbali yoyera ya diso inali yotuwa kwambiri kuposa kolala, chifukwa diso limakhala mumthunzi wa chikope ndi nsidze, ndipo kolala yomweyo inali yowala mbali ya zenera yokha. Khungu limene kale ndinkalipaka mtundu umodzi wofiirira, n'kumangowonjezera wakuda kapena woyera, linali ndi mitundu yosiyanasiyana yofunda ndi yozizira. Tsiku lachiwiri mayi anaseka n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, bwanji ukundiyang'anitsitsa chonchi ngati sunandionepo?" Ndinawayankha kuti, "Amayi, khalani chomwecho pang'ono, musatembenuke," chifukwa pa nthawiyo ndinali nditangoona kwa nthawi yoyamba kuti chikope chawo chakumanja n'chotsika pang'ono kuposa chakumanzere, ndipo n'chimene chimapatsa nkhope yawo kufatsa kumene ndakhala ndikukudziwa moyo wanga wonse.

Chithunzicho chitauma ndinachinyamula n'kupita nacho kwa bambo aja, pamodzi ndi mapepala ndi tinsalu tonse ta kapu. Anayamba ndi makapuwo, akutembenuza limodzilimodzi n'kumawerenga masiku amene ndinalemba kumbuyo, ndipo pa ena ankaima kanthawi. Kenako anaimika chithunzi cha mayi pampando, anabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma, n'kutsinzina maso monga ndinali nditaphunzirira. Anati, "Zenera linali kumanzere kwako, ndipo unali m'mawa." Ndinavomera kuti zinalidi choncho. Atatero anayandikira, analoza dzanja la mayi limene linali pamwendo, n'kunena kuti zala ndinazijambulabe mongoganizira, ndipo anandiuza kuti mwezi wotsatira ndijambule dzanja langa lamanzere tsiku lililonse.